Kupalasa miyendo uli chagada sikuphwetsa mimba, kumathandiza msana

M'mwezi wa Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane ku Manchester, Leeds ndi Bradford, ndipo mvumbi wake sulola munthu kuthamanga panja. Amalawi amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala m'mizindayi, ena mwa iwo atapita boma la Britain litatsegula viza ya ntchitoyi mu February 2022, nthawi zambiri amaweruka shifiti ya maola 12 kunja kuli bii. Ku jimu kumafuna ndalama ndi nthawi. N'chifukwa chake masewera ochitira pansi m'chipinda amakopa, ndipo amodzi otchuka pa YouTube ndi TikTok ndi amene Angelezi amati flutter kicks. Umagona chagada, n'kutukula miyendo yowongoka pang'ono kuchoka pansi, kenako n'kumaisinthanitsa mwachangu, wina m'mwamba wina m'munsi, ngati munthu wosambira pa nyanja ya Malawi. Masewerawa ndi abwino ndithu, koma chifukwa chimene amawatsatsira n'chabodza, ndipo bodzalo ndi limene limapweteketsa anthu.

Amati amasungunula mafuta a m'munsi mwa mchombo. Thupi silisankha mafuta a pamalo pamene pakuwawa. Mu 2011 ofufuza a ku Southern Illinois University ku America anachititsa anthu masewera a pamimba masiku asanu pa sabata kwa masabata 6. Mafuta a pamimba sanachepe. Chimene chinasintha ndi chakuti minofu yawo inayamba kupirira nthawi yaitali isanatope. Ngakhale mawu oti minofu ya m'munsi mwa mimba amasocheretsa, chifukwa mnofu wa kutsogolo kwa mimba ndi umodzi, wochokera ku nthiti kukafika pa fupa la chinena. Ndiponso suli wolumikizana ndi mwendo. Imene imatukula miyendo ndi minofu ya m'chiuno, makamaka wotchedwa psoas, umene umayambira pa mafupa a m'munsi mwa msana n'kukagwira fupa la ntchafu. Ukakoka mwendo umakokanso msana kuti upindike, ndipo ntchito ya mimba ndi kukana kupindikako. Miyendo ndi katundu chabe. Ntchito yeniyeni ikuchitika pamene sipakugwedezeka.

Kupirira kumeneku ndiko kumene munthu wa ntchito yosamalira odwala akufunikira. Palibe amene amamupempha kunyamula thumba la chimanga kamodzi n'kupuma. Amawerama kuveka gogo masokosi, kumutembenuza pabedi, kukankha njinga ya olumala, kambirimbiri kuyambira m'mawa mpaka usiku. Malamulo a ku Britain a 1992 okhudza kunyamula zinthu pantchito amalamula olemba ntchito kuchepetsa ngozi, ndipo m'nyumba zosamalira okalamba muli makina onyamulira anthu, koma palibe makina amene amawerama m'malo mwa munthu. Stuart McGill, katswiri wa za msana amene anaphunzitsa ku University of Waterloo ku Canada, wakhala akunena kuti pofuna kuteteza msana, kupirira kwa minofu yozungulira chiuno n'kofunika kuposa mphamvu zake. Minofu ikatopa, munthu amayamba kuwerama mosasamala, ndipo mpamene msana umavulala.

Nzeru yolimbitsa pakati pa thupi uli pansi si yachilendo kumpoto kwa England. Joseph Pilates, Mjeremani amene masewera ake ali m'majimu a dziko lonse lero, anatsekeredwa ku Lancaster nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba, asanamusamutsire ku msasa wa Knockaloe pa chilumba cha Isle of Man. Kumeneko ankaphunzitsa anzake omangidwa masewera osafuna zida. Kachipinda ka lendi ka ku Leeds n'kokwanira kuposa pamenepo.

Otsutsa ali ndi mfundo yolemera, ndipo McGill yemweyo ali mbali yawo pang'ono. Iye amachenjeza kuti kutukula miyendo yowongoka uli chagada kumapanikiza mafupa a m'munsi mwa msana, ndipo amakonda masewera ena ofatsa, monga kudzichirikiza pa chigongono uli cham'mbali. Wina angafunse kuti nanga bwanji osangowasiya masewerawa. Kwa amene msana ukumuwawa kale, amene ali ndi chophuka, mayi woyembekezera kapena amene wangochitidwa opaleshoni pobereka, yankho ndi lakuti awasiyedi mpaka ataonana ndi dokotala wake kapena wa fiziyo. Kwa ena onse, ngozi ili pa kachitidwe. Anthu amawerenga kuti apalasa kangati, kapena amalimbana ndi wotchi kuti mphindi ikwane, pomwe msana unatukuka kale kuchoka pansi pa sekondi ya 15. Kuyambira pamenepo mimba yagonja, psoas akukoka msana yekha, ndipo chimene akumvacho poganiza kuti ndi phindu ndi chiyambi cha kuvulala.

Mfundo ina imene imamveka ndi yakuti munthu woyenda tsiku lonse m'wodi wachita kale masewera. Kutopa ndi kulimba n'zosiyana. Malangizo a akuluakulu a zaumoyo ku Britain a 2019 amati munthu wamkulu azichita masewera otulutsa thukuta pang'ono mphindi 150 pa sabata, komanso olimbitsa minofu masiku osachepera awiri. Shifiti ingathandize pa gawo loyambalo. Lachiwirilo limafuna kuti mnofu upatsidwe ntchito yoyezedwa, upume, kenako uwonjezeredwe.

Muyezo wa kupalasa miyendo moyenera ndi dzanja. Lowetsani chikhatho pansi pa msana, cha m'chiuno, n'kuchipanikiza ndi msanawo musanatukule miyendo. Yambani miyendo ili m'mwamba ndithu, mawondo opinda pang'ono, chifukwa mwendo ukamatsikira pansi ndi pamene umalemera. Pumani bwinobwino, osabanika. Mukangomva kuti msana wasiya chikhatho, tsitsani miyendo, ngakhale padutsa masekondi 10 okha. Pumulani, bwerezani kawiri kapena katatu, ndipo sabata yotsatira muwonjezere masekondi asanu.