Mpata wa mitengo ya cimanga

Mtengo wa cimanga pa msika umasinthasintha. Nthawi ya masika anthu akolola. Cimanga cimacuruka, ndipo mtengo umatsika. Nthawi ya dzinja nkhokwe zambiri zimakhala zopanda kanthu. Pamenepo mtengo umakwera.

Banja lofuna kugulitsa kapena kugula cimanga liyenera kudziwa ngati mtengo uli cete kapena ukulumphalumpha. Pali njira yoyezera.

Tsiku lililonse mwana amafunsa mtengo wa mbale imodzi ya cimanga. Amaulemba m'buku. Sabata ikatha, amapeza mtengo waukulu ndi mtengo waung'ono. Amajambula mizere iwiri. Mzere wapamwamba ndi wa mtengo waukulu. Mzere wapansi ndi wa mtengo waung'ono. Pakati pa mizereyi pali mpata.

Naci citsanzo. Sabata yoyamba, mtengo waukulu ndi mametikali 12. Waung'ono ndi mametikali 10. Mpata wake ndi 2. Mpatawu ndi wocepa: mtengo uli cete.

Sabata yaciwiri, mtengo waukulu ndi mametikali 18. Waung'ono ndi mametikali 10. Mpata wake ndi 8. Mpatawu ndi waukulu: mtengo ukulumphalumpha.

Mpata ukakula, mayi ndi bambo amasamala. Wogulitsa lero akhoza kulandira ndalama zocepa, mnzake mawa n'kulandira zambiri. Conco amayamba afunsa mitengo asanatsegule thumba. Koma mpata sunena ngati mawa mtengo udzakwera kapena udzatsika. Umangoonetsa kukula kwa kusintha. N'cifukwa cake banja limayamba lasunga cakudya cokwanira m'nkhokwe. Limagulitsa cotsala cokha.

Amalonda a misika ikuluikulu ya ndalama nawonso amayeza mpata. M'zaka za m'ma 1980, John Bollinger wa ku America anakonza njira yake. Pakati pali mzere wa mtengo wapakati wa masiku 20. Mzere wina uli pamwamba pake, wina uli pansi pake. Mitengo ikalumphalumpha, mizereyo imatalikirana. Mitengo ikakhala cete, imayandikana. Masamu ake ndi a anthu akuluakulu, koma nayenso amayang'ana mpata.

Mafunso
1. Kodi cimanga cimatsika mtengo nthawi yanji?
2. Mtengo waukulu ndi 15, waung'ono ndi 11. Mpata wake ndi wotani?
3. Jambulani mizere iwiri yoyandikana ndi iwiri yotalikirana.
4. Funsani makolo mtengo wa nyemba kwa masiku asanu.