Makina otchipa ochulukitsa DNA: kodi ngodalirika?

Mliri wa COVID-19 utafika m'dziko muno mu 2020, ambiri tinayamba kumva mawu akuti PCR pa wailesi. Imeneyi ndi njira yochulukitsira kachidutswa ka DNA, kaulusi kosaoneka ndi maso kamene kamasunga chibadwa cha chamoyo chilichonse. Anaitulukira ndi Kary Mullis wa ku America mu 1983, ndipo analandira nayo mphotho ya Nobel mu 1993.

Ntchito ya makinawa ndi kutenthetsa ndi kuziziritsa timachubu. Kutentha kumakwera kufika pa madigiri 95 kuti ulusi wa DNA upatukane, n'kutsika pakati pa 50 ndi 65, kenaka n'kukweranso pa 72 pamene ulusi watsopano umalukidwa. Ulendo uliwonse DNA imawirikiza kawiri, kotero kuti maulendo 30 angathe kubala tizidutswa toposa biliyoni imodzi.

Kale makina otere ankapezeka m'malabotale akuluakulu okha chifukwa mtengo wake unali madola zikwizikwi. Koma mu 2011 Tito Jankowski ndi Josh Perfetto a ku America anayamba kugulitsa OpenPCR pa mtengo wotsika, makina amene wogula ankalumikiza yekha kunyumba. Mu 2016 kamakina kena, miniPCR, kanachulukitsa DNA m'mlengalenga pa International Space Station.

Izi zikusonyeza kuti chotchipa sichilephera chifukwa chotchipa. Komabe wogula asagone tulo. Chiwerengero cha kutentha chimene makina akuonetsa nthawi zina chimasiyana ndi kutentha kwenikweni m'kachubu, ndipo kusiyana kwa madigiri awiri kapena atatu kungachititse kuti DNA isachuluke kapena pachuluke yolakwika. Timachubu ta m'mphepete timathanso kutentha mosiyana ndi tapakati. Makina opanda chivundikiro chotentha amalola madzi kuuluka ngati nthunzi, pokhapokha mutathira kadontho ka mafuta apadera pamwamba. Makina akamachedwa kusintha kutentha, nthawi zambiri chotayika ndi nthawi chabe.

Mlandu wina si wa makina ayi. Mankhwala a Taq, amene amaluka DNA, amasungidwa pa madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo magetsi akathima ntchito ili mkati, yonse ingaonongeke. Kadontho kotsalira ka DNA ya dzulo pa chala kangathenso kunamiza munthu kuti wapeza chimene palibe.

Nchifukwa chake akatswiri saiwala timachubu tiwiri toyesera: kena ka DNA yodziwika kale, kamene kayenera kubala, ndi kena kothira madzi m'malo mwa DNA, kamene sikayenera kubala kanthu. Timeneti tikasokonekera, zotsatira zonse nzotaya.

Kwa mphunzitsi ndi wophunzira wofuna kuzindikira mtundu wa bowa kapena nsomba, makina otchipa ngokwanira. Koma wofuna kudziwa ngati ali ndi matenda apite kuchipatala, pakuti yankho labodza pa moyo wa munthu lingaphetse.