Majini Odumpha a M'chimanga cha Mawangamawanga

Mukasenda chimanga cha makolo, nthawi zina mumapeza njere yoyera yokhala ndi timadontho tofiirira. Barbara McClintock, wasayansi wa ku America, anathera zaka zambiri akufufuza gwero la timadontho totere m'munda wake ku Cold Spring Harbor, m'chigawo cha New York.

M'zaka za m'ma 1940 anapeza kuti tizidutswa tina ta majini sitikhala malo amodzi. Kachidutswa kamene anakatcha Ds kamachoka pamalo pake n'kukalowerera pakati pa jini yopereka mtundu wa njere. Jiniyo imaleka kugwira ntchito, njere n'kuyera. Koma kachidutswa kena, Ac, kakakhalapo, Ds amadumphanso njere ikukula, ndipo mtundu umabwerera m'maselo a pamenepo pokha. Akadumpha msanga, banga limakula. Akachedwa, pamangotsala kadontho.

Atafotokoza zimenezi mu 1951, anzake ambiri sanazilabadire, poti ankakhulupirira kuti jini siisuntha. Ine zimandiwawa kuti mayiyu anadikira mpaka 1983 kuti alandire mphoto ya Nobel, ali ndi zaka 81.

Pofika nthawiyo, tizidutswa todumphati tinali titapezekanso mu ntchentche ndi m'mabakiteriya. Apa m'pamene nkhaniyi imakhudza chipatala: tizidutswa tina timanyamula majini opangitsa mabakiteriya kusamva mankhwala, n'kuwafalitsa. Mu 2009 asayansi atawerenga DNA ya chimanga, anapeza kuti pafupifupi 85 peresenti yake ndi tizidutswa totere. Mwa munthu tizidutswati timafika pafupifupi theka la DNA yake.