Kukondera m'Mapulogalamu a Amayi a pa Wailesi: Momwe Kumaonekera pa Songani

Songani ndi malo a malonda omwe ali m'chigwa cha Domasi, pa msewu wa M3 wochoka mumzinda wa Zomba kupita ku Liwonde, ndipo pamsika pake amayi amagulitsa matemba a m'nyanja ya Chilwa, mpunga, chinangwa ndi ndiwo zamasamba. Ambiri mwa amayiwa pakhomo amalankhula Chiyao, ambirinso ndi Asilamu, ndipo wailesi amaimva m'Chichewa, kawirikawiri pa foni yaing'ono yomwe imakhala pambali pa lichero la malonda. Kukondera komwe nkhani ino ikunena sikutanthauza kuulutsa bodza, koma chizolowezi chotenga moyo wa amayi a mtundu umodzi ngati muyeso wa amayi onse, mpaka womvera wina n'kuyamba kuona kuti pulogalamu yotchedwa ya amayi imakamba za anzake osati za iye.

Kukayikira kotere kuli ndi mizu yake m'mbiri. Wailesi ya MBC idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kuyambira mu 1968, pomwe chipani cha MCP chidagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha fuko, zilankhulo zina za m'dziko muno sizidalinso ndi malo m'mapulogalamu ake, kufikira ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994. Nkhani za m'Chiyao zidayamba kumveka mu 1996. M'zaka za chipani chimodzizo, mawu a amayi ankamveka kwambiri m'nyimbo za mbumba, kutanthauza amayi ovina ndi kuyimbira Dr. Hastings Kamuzu Banda, komanso m'nkhani za bungwe la Chitukuko cha Amayi m'Malawi lomwe lidayamba mu 1985. Amayi achikulire amakumbukira nthawiyo, choncho n'zosadabwitsa kuti ena mwa iwo akamva mwambo wa amayi pa wailesi ya boma amayamba adzifunsa kuti kodi kumbuyo kwake kuli ndani.

Pulogalamu ya Zokonda Amayi ya pa MBC ndi chitsanzo cha mphamvu yomwe wailesi imakhala nayo ikawafika anthu pamtima, pakuti kupatsana moni ndi kupemphana nyimbo kudabala magulu a amayi m'maboma ambiri, omwe amayenderana pa maliro ndi pa matenda, ndipo amakumana pa mwambo waukulu wotchedwa Macheza. Komabe pa mwambowu akazi a atsogoleri a dziko akhala akupezeka ngati alendo olemekezeka, ndipo ngakhale izi zimakweza dzina la maguluwo, zingathenso kukumbutsa womvera wina za masiku a mbumba.

Kukondera kozama kwambiri, komwe olemba mapulogalamu sakuona msanga, kumabisala m'malangizo a tsiku ndi tsiku. Mlangizi akamakamba za banja ngati kuti mkazi aliyense amakakhala kwa mwamuna wake, mwambo womwe umatchedwa chitengwa, amakhala atasiya kunja amayi ambiri a ku Domasi omwe amatsata chikamwini, momwe mwamuna ndiye amadzamanga kwa mkazi, munda umachokera kuchikazi, ndipo mawu a malume pa nkhani za ana amalemera. Mayi wotere vuto lake silikhala apongozi omuthamangitsa pamudzi, koma mwamuna yemwe wapita kunyanja kapena ku Joni n'kumusiyira ana popanda thandizo. Momwemonso, kufotokoza lamulo la mu 2015 lokhudza ukwati ndi kutha kwa banja, lomwe lidaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, kumamufika bwino womvera pokhapokha kukakhudza ukwati womangidwa ndi ankhoswe kapena shehe, chifukwa ndiwo maukwati omwe iye amawadziwa.

Palinso nkhani ya amene amatha kuyimba foni. Kuyimba kumafuna mayunitsi, foni ya mwiniwake ndi nthawi yopuma, zomwe mayi wothamangira minibasi ndi beseni la tomato alibe, kotero kuti mawu omveka amakhala a amayi a m'tauni ndi apantchito, popanda wina aliyense kukonza kuti zitero.

Mawailesi a m'madera adabwera pofuna kuchepetsa mpata umenewu. Wailesi ya Dzimwe idakhazikitsidwa ku Monkey Bay mu 1998 ndi bungwe la amayi atolankhani la MAMWA mothandizidwa ndi UNESCO, ndipo Zomba ili ndi mawailesi a Chanco ndi YONECO. Njira yothandiza kwambiri ndi ya magulu omvera wailesi, momwe amayi amamvera limodzi, n'kujambulitsa maganizo awo kuti akaulutsidwe. Njirayi imafuna ndalama zoyendera, mtolankhani wodziwa Chiyao, komanso mkonzi wololera kuulutsa dandaulo la mayi wa pamsika lonse, ngakhale litakhudza khansala, mfumu kapena bungwe lomwe lalipira pulogalamuyo.