Satifiketi ya masabata awiri siitumiza ndege

Mwezi wathawu mwana wa mnansi wathu adabwera kunyumba atanyamula envelopu ya khaki. M'katimo munali satifiketi yokongola, ya chidindo chagolide. Adaipeza ataphunzira pa intaneti kwa masabata awiri, ndipo fizi yake bambo ake adachita kukongola. "Ankolo, ndiyambire kampani iti kufunsira ntchito ya dispatcher?" adandifunsa. Ndidayang'ana dzina la sukuluyo pa mndandanda wa sukulu zovomerezeka wa boma la dziko lomwe eni sukuluyo amati ali, koma silidapezeke. Kenako ndidamulembera kamzere aka: 0800 FG BKN002. Adakayang'ana nthawi yaitali, napukusa mutu. Ndidamva chisoni, komanso ndidakwiya nawo anthu omwe adamudyera ndalama.

Kamzereko ndi chidutswa cha TAF, uthenga wolosera nyengo ya pabwalo la ndege. Kakunena kuti kukhala chifunga, munthu aziona mamita 800 okha, ndipo mitambo itsika mpaka mafiti 200 kuchokera pansi. Wophunzira ntchito yathu amadziwa zimenezi sabata yoyamba.

Ambiri akamva kuti ndine dispatcher amaganiza kuti ndimakhala pansanja n'kumalankhula ndi ndege, kapena ndine uja amakupiza timitengo tofiira poimika ndege. Ameneyo ndi wina, uyonso ndi wina. Ife timakhala mu ofesi ya kampani, kutali ndi maso a okwera. Ndege isananyamuke timakonza njira yomwe idutse, kutalika komwe iuluke, mafuta oti ithiridwe ndi bwalo lina lokatera zikavuta komwe ikupita. Timawerenga ma NOTAM, zidziwitso zonena kuti msewu wa ndege wakutiwakuti watsekedwa kapena chipangizo chotsogolera ndege chafa. Timatsegulanso MEL, buku lonena ngati ndege ingaloledwe kuuluka kachipangizo kena katawonongeka, ndi malamulo oti atsatidwe ikatero. Ku United States lamulo limati dispatcher ndi kaputeni amasenzera limodzi udindo wokonza ulendo. Mmodzi akakana, ndege siinyamuka.

Bodza lomwe landitopetsa ndi ili: akuti masiku ano kompyuta imachita zonse, bola munthu akhale ndi pepala lomulowetsa pakhomo. Ndalimva kwa makolo, kwa achinyamata, ngakhale kwa anthu ogwira ntchito pabwalo la ndege. Inde, kompyuta imawerengera mafuta msanga kuposa ine. Koma imangoyankha zomwe waifunsa. Bwana akamakuimbira kuti ndege yachedwa, okwera akudandaula, katundu asatsitsidwe, kompyuta siimuuza kuti ayi. Amanena ndi munthu, ndipo munthuyo amalimba mtima pokhapokha akudziwa chifukwa chake.

Okonda mpira akukumbukira za timu ya Chapecoense ya ku Brazil. Pa 28 November 2016 ndege ya kampani ya LaMia, ya mtundu wa Avro RJ85, idanyamuka ku Santa Cruz, Bolivia, kupita ku Medellín, Colombia, komwe timuyi inkakasewera ndime yomaliza ya Copa Sudamericana. Pa pepala la ulendo padalembedwa kuti ulendowo utenga maola 4 ndi mphindi 22. Pamalo olemba nthawi yomwe mafuta angathe kuulutsa ndegeyo padalembedwanso maola 4 ndi mphindi 22. Panalibe dontho lotsalira. Atayandikira, oyendetsa ndegeyo adauzidwa kuti azungulire kaye kuti ndege ina itere, injini zidazima, ndipo ndegeyo idagwera paphiri. Mwa anthu 77, adamwalira 71.

Manambala awiri ofananawo, wophunzira wophunzitsidwa bwino akangowaona thupi limachita tsemwe. Lamulo la ku America la maulendo a m'dziko momwemo limafuna mafuta okafika komwe ukupita, okafikanso pabwalo lina lija ngati likufunika, n'kutsalabe a mphindi 45. Kuloweza chiganizo chimenechi n'kosavuta. Chovuta n'kukhala ndi pensulo, matchati ndi matebulo a ndege, n'kuwerengera wekha mphepo ikasintha, mpaka manambalawo akulowe m'magazi kotero kuti kompyuta ikatulutsa zolakwika uzindikire pomwepo. Kwathu konkuno zovuta zotere ziliponso. Bwalo la Kamuzu ku Lilongwe lili pamtunda wopitirira mamita 1,200, la OR Tambo ku Johannesburg pafupifupi 1,700, la Bole ku Addis Ababa kupitirira 2,300. Kukatentha mu October mpweya umapepuka, ndege imafuna msewu wautali kuti inyamuke, ndipo pena umayenera kusankha pakati pa katundu ndi mafuta. Izi m'masabata awiri suziphunzira, ndipo wokuuza kuti uziphunzira akufuna ndalama zako basi.

Tsono sukulu yabwino muidziwa bwanji? Funso loyamba silipita kusukuluyo ayi, limapita kwa akuluakulu oyang'anira za ndege a dziko lomwe mukufuna kukagwirako ntchito: kodi pepala la sukulu imeneyi mumalivomera? Afunseni ndalama zisanachoke m'thumba. Bungwe la za ndege la maiko onse la ICAO lili ndi muyezo wa laisensi ya ntchitoyi mu Annex 1, koma silipereka laisensi kwa munthu. Amapereka ndi maiko, aliyense ndi malamulo ake. Ku Ulaya kulibe laisensi imodzi ya dispatcher yogwira maiko onse. Choncho mawu akuti "yovomerezeka padziko lonse" pa chikwangwani musawakhulupirire msanga.

Ambiri amalakalaka satifiketi ya FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, ndipo imalemekezedwadi. Malamulo ake ali mu Part 65: maphunziro osachepera maola 200, zaka 21 kuti ulembe mayeso, zaka 23 kuti upatsidwe satifiketi, komanso Chingerezi chomveka. FAA imaika poyera mndandanda wa sukulu zomwe idazivomereza. Ina mwa zoyambirira inali Sheffield School of Aeronautics ya ku Florida, yomwe idayamba mu 1948. Dzina la sukulu likasowa pamndandandapo, nkhani yathera pomwepo.

Mayeso olemba amatchedwa ADX: mafunso 80 osankha yankho, kukhoza ndi 70 pa 100. Apa ndi pomwe sukulu zina zimapusitsira anthu, chifukwa mayesowa munthu akhoza kukhoza pongoloweza. Mayeso enieni ndi achiwiri, pomwe umakonza ulendo wathunthu n'kukhala maso ndi maso ndi woyesa kwa maola angapo, iye n'kumakufunsa kuti bwalo ili walisankhiranji, nanga chifunga chikafika msanga utani. Ndiye sukulu ikamadzitama kuti ophunzira ake onse amakhoza, funsani kuti amakhoza mayeso ati, nanga ndi angati amakhoza achiwiriwa ulendo woyamba, ndi angati amasiyira panjira.

Zina n'zachidule. Funsani ngati aphunzitsi adagwirapo ntchitoyi ku kampani ya ndege, ndipo adasiya liti. Funsani ngati fizi ikuphatikiza mabuku ndi malipiro a woyesa, chifukwa kawirikawiri zimakhala zapadera. Pezani nokha munthu yemwe adaphunzira kumeneko, osati yemwe sukuluyo yakusankhirani. Kuphunzirira pa intaneti sikolakwika pakokha, sukulu zina zovomerezeka zimayambira pamenepo n'kumalizira m'kalasi, ngakhale ine ndimakondabe kalasi kuyambira tsiku loyamba. Wochokera kunja wokaphunzira ku America amafunika kukhala ndi viza ya ophunzira, yomwe nthawi zambiri ndi M-1, ndipo si sukulu iliyonse yomwe ingapereke fomu ya I-20 yopezera vizayo. Dziwaninso kuti satifiketi ya FAA siikupatsani chilolezo chogwira ntchito ku America.

Kwa wofuna kugwira ntchito m'chigawo chathu chino, mwina nzeru n'kuyamba wayang'ana pafupi, monga East African School of Aviation ku Nairobi, yomwe ili pansi pa bungwe loyang'anira za ndege la Kenya. Makampani a ndege kuno ndi ochepa, malo a dispatcher ndi ochepa koposa, ndipo ngakhale atakulemba amakuphunzitsanso malamulo ndi ndege zawo usanaloledwe kusainira ulendo wekha. Sukulu yomwe ikulonjezani ntchito musanayambe n'komwe kalasi, ipempheni ilembe lonjezolo papepala ndi dzina la kampani yomwe idzakulembeniyo.