Njanji Imalimba ndi Miyala ndi Ngalande

Amayi anzanga, ambiri a inu mudakwerapo sitima yapamtunda popita ku Limbe, ku Balaka kapena ku Nayuchi, mutanyamula matumba a chimanga ndi madengu a tomato. Mtengo wake ndi wotsikirapo poyerekeza ndi minibasi. Koma kuti sitimayo ifike bwino, pamafunika kuti njanji izisamalidwa chaka chonse.

Njanji ili ndi zigawo zitatu. Pamwamba pali zitsulo ziwiri zotalikirana mamilimita 1,067, kuposa pang'ono mita imodzi. Mpata umenewu ukakula, mawilo amaphonya ndipo sitima imagwa. Zitsulozi amazimangirira pa mitanda yogona chopingasa, imene kale inali yachitsulo kapena yamatabwa, koma masiku ano pokonzanso amaika yakonkire. Pansi pa zonsezi pali miyala ya kwale. Miyalayi imagwira mitanda kuti isasunthe, imagawa kulemera kwa sitima, komanso imalola madzi amvula kutsika msanga.

Mdani wamkulu wa njanji ndi madzi. Ngalande ndi makalavati zikatsekeka ndi mchenga kapena zinyalala, madzi amadikha, nthaka imafewa, ndipo njanji imatitimira mbali imodzi. Madzi akachuluka amakokolola dothi lonse, zitsulo n'kutsala lende m'malere. Abale athu a ku Nsanje amazidziwa bwino izi. M'chaka cha 1997 madzi osefukira adadula njanji pa Chiromo, ndipo padapita zaka zambirimbiri sitima osafikanso kwawo. N'chifukwa chake antchito amayendera njanji kawirikawiri: kufukula ngalande, kulambula tchire, kumanga mabawuti omasuka, kuthira miyala ina ndi kuitsendera pansi pa mitanda.

Kukweza njanji ndi ntchito yoposa pamenepa. Katundu akachuluka, amachotsa zitsulo zakale n'kuika zonenepa, amazilumikiza powotcherera kuti mfundo zichepe, ndipo amalimbitsa milatho. Ndi mmene adachitira ndi njanji ya Nkaya mpaka Nayuchi, kuti izitha kunyamula sitima zazitali za malasha zochokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala ku Mozambique.

Nanga ife mbali yathu ndi yotani? Choyamba, tisalime m'mphepete mwenimweni mwa njanji, chifukwa khasu limagumula nthaka imene yanyamula njanjiyo, ndipo dothi la m'mizere limakatseka ngalande. Chachiwiri, tisataye zinyalala m'makalavati. Chachitatu, tikane kugula miyala yotapidwa panjanji, ngakhale itatchipa bwanji pamene tikumanga nyumba. Chimodzimodzinso mabawuti ndi tizitsulo tomangira njanji: wozula kuti akagulitse amaika pachiswe miyoyo ya onse okwera, mwina ndi mwana wake yemwe.

Mukaona chitsulo chothyoka, kapena pamene madzi akumba pansi pa njanji, musadikire kuti ena akanene. Dziwitsani msanga a kusiteshoni, apolisi kapena amfumu. Sitima yodzaza siima pomwepo. Woyendetsa akamanga mabuleki imapitirirabe mtunda wautali, choncho uthenga uyenera kumupeza asanafike pamalopo.

Pa chifukwa chomwechi, phunzitsani ana kuwoloka pamalo ovomerezeka okha, atayang'ana mbali zonse, opanda zomvera nyimbo m'makutu. Pamsonkhano wanu wotsatira, mvula isanayambe, kambiranani: kodi ngalande za njanji yodutsa m'mudzi mwanu zili bwanji?