Gwira Makala, Taya Ndudu

Anzathu alimi, kuno ku Niassa fodya timamudziwa. Amalimidwa ku Mandimba ndi ku Cuamba. Koma lero tikambe za anyamata ndi atsikana athu amene ayamba kusuta.

Kuno ku Lichinga kumazizira mwezi wa Juni ndi Julayi. Ena amati ndudu imatenthetsa thupi. Limenelo ndi bodza. Fodya amachepetsa njira za magazi, ndipo zala zimazizira koposa. Bungwe la zaumoyo la WHO likuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse. Mu 2007 boma la Mozambique linaletsa kugulitsa fodya kwa ana osakwana zaka 18.

Nanga kusiya kumavutiranji? Mu fodya muli poizoni wotchedwa nikotini. Munthu akakoka utsi, nikotini amafika ku ubongo masekondi 20 asanathe. Thupi limazolowera. Akasowa fodya, chibaba chimamugwira. Koma tamverani: chibaba sichikhalitsa. Chimabwera, chimavuta mphindi zochepa, kenaka chimapita. Chimavuta kwambiri sabata yoyamba.

Apa ndi pamene kujambula kumathandiza.

Choyamba, manja amapeza ntchito. Dzanja logwira makala silipichira chingambwe.

Chachiwiri, mtima umalankhula. Mwana amachita manyazi kuuza akulu chimene chikumuvuta. Koma akhoza kuchijambula: kusowa ntchito, anzake omukakamiza, mkangano wa kunyumba. Tikaona chithunzi, timadziwa poyambira.

Chachitatu, pagulu palibe kusungulumwa. Osiya fodya amalimbitsana mtima.

Sitifuna ndalama. Makala tili nawo. Dothi lofiira tili nalo. Matumba akale a simenti ndiwo mapepala. Amene sakonda kujambula aumbe ng'ombe zadothi. Malangatana, katswiri wathu wojambula amene anamwalira mu 2011, anali mwana wa kumudzi woweta ziweto. Atakula anajambula makoma a ku Maputo.

Tichite motere mu kopaletivi yathu:

1. Tiitane achinyamata tikaweruka kumunda, kawiri pa sabata.
2. Aliyense ajambule nthawi imene chibaba chimamugwira.
3. Ajambulenso chimene angagule ndi ndalama ya ndudu: nkhuku, khasu, mbewu ya nyemba.
4. Asankhe tsiku losiya. Alilembe pansi pa chithunzi.
5. Tisaseke chithunzi cha wina. Tifunse kuti, "Kodi apa ukutiuza chiyani?"

Kujambula si mankhwala. Ndi chothandizira chabe. Amene akutsokomola masabata awiri osasiya apite ku chipatala akamuyeze TB. Amene wabwereranso ku fodya tisamunyoze. Ambiri amayesa kangapo asanasiyiretu.

Pa 31 Meyi dziko lonse limakumbukira tsiku losasuta fodya. Tsiku limenelo tikhome zithunzi pa khoma la kopaletivi, mudzi wonse uone. Ndipo ife akulu, tileke kutuma ana kukayatsa ndudu pamoto.

Mafunso
1. Kodi chibaba chimakhala nthawi yaitali?
2. Tchulani zinthu zitatu zojambulira.
3. Lembani: Dzanja logwira makala silisuta.